Masabata Awiri a Tusekile

Senderani kuno kukhonde, inu ana, mphepo ya kumapiri a Mafinga ingakuumitseni makutu. Iwe Yamikani, foniyo ika m'thumba, sithawa. Manja awiriwo ndi otonolera chimanga. Ndipo musaseke Chichewa changa. Inu munachiyamwira ku Lilongwe, ine ndinachiphunzira ndi ndodo ya aphunzitsi, chotsala ndinatolera pamsika. Ndikanakamba m'Chilambya nkhaniyi ikanatuluka yowongoka, koma mukanangoti maso tong'o, osatolapo kanthu.

Dzulo iwe Chisomo unafunsa bambo ako kuti bwanji azakhali a Tusekile amawerenga mabuku anu msanga kukuposani, chonsecho moyo wawo wonse uli pa khasu kuno ku Chisenga. Bambo ako anati, "Kafunse agogo." Anayankha bwino. Mlandu umenewo ndi wanga.

Ine ndi agogo anu aakazi, malemu Nambeye, tinali ndi ana atatu amene anakula. Woyamba Subilaga, amene simunamuone. Wachiwiri Tusekile. Wotsiriza Wongani, bambo anuwo, amene lero amafika pagalimoto n'kumadandaula za msewu. Subilaga sanapite patali ndi sukulu. Anakwatiwa ku Kaseye ndi mnyamata wa geni dzina lake Edisoni, amene ankatenga nyemba ndi mawere kukagulitsa ku Nakonde, n'kubwerako ndi zitenje ndi mapoto. Anali munthu woseka, waulemu, wogwada popereka moni. Pobwera kuno sankafika chimanjamanja. Ndinkamukonda, ndisakunamizeni.

Tusekile ndi Wongani anali kalasi imodzi, chifukwa mtsikanayo ndinamuyambitsa mochedwa. Masiku amenewo sukulu inali yolipira, ndipo bambo akakhala ndi zochepa ankayang'ana kaye mwana wamwamuna. Koma Tusekile atangolowa anamupeza Wongani n'kumudutsa. Tusekile ankapera mawere pamphero buku lili pambali, atalitsamiritsa ndi mwala kuti mphepo isatembenuze tsamba. Mphero simuidziwa inu. Ndi mwala uja mumakhalapo kuseri kwa nkhokwe, mukumati ndi mpando. Chigayo chinali kutali, ndipo ufa wa phala unkatuluka m'mawondo ndi m'manja mwa atsikana. Wongani nthawi imeneyo amakhala ali ku mpira wa masanza. Mukamufunse ngati ndikunama.

Inali nyengo ija titangovotera zipani zambiri. Makhadi a chipani aja tinkakakamizidwa kugula anatha, anthu anayamba kuyankhula mokweza pamsika, ndipo boma latsopano linati pulayimale ndi yaulere. Ana anatuluka m'midzi ngati inswa. Ena ankaphunzirira pansi pa mitengo, atakhalira njerwa. Tinkati dziko lacha.

Koma m'chaka chomwecho makasu okumbira manda sankabwerera m'nyumba. Kunabwera matenda amene sitinkawatchula dzina. Wailesi inkati Edzi, ife tinkati kaliwondewonde, ena ankangoti "zomwezi." Inu munaona korona, munavala tinsalu kukamwa, sukulu zinatsekedwa miyezi, ndipo atsikana ena a m'mudzi muno sanabwererenso m'kalasi, anakwatiwa kutsidya ku Zambia. Zinali zoopsa, sindikukana. Koma korona ankabwera ndi phokoso. Enawa ankabwera mwakachetechete, n'kusankha anthu amphamvu okhaokha: aphunzitsi, oyendetsa malole, anyamata a geni, amayi oyamwitsa. Munthu ankayamba ndi kachifuwa, kenaka kutsegula m'mimba, kenaka malamba a zilonda m'chiuno aja timati mashingozi. Tsitsi limasanduka lofewa ngati la khanda. Mankhwala kunalibe, oti munthu amwe n'kudzuka monga lero. Tikakumana pamaliro tinkayang'anana makosi mobisa, kuona amene kolala yayamba kumukulira. Ukatsokomola kutchalitchi, woyandikana nawe amasendera pang'ono.

Uthenga unabwera ndi munthu wa panjinga, chimanga chili m'maondo. Subilaga wadwala, sakutha kutunga madzi, ana ake awiri alibe owasamala. Apongozi ake ndi okalamba, mwamuna ali pa ulendo. Tumizani munthu.

Nambeye sakanapita msanga. Munda unali pakati pa kupalira, ndipo mwendo wake unali utayamba kale kuvuta. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango uwo, ana ali ku sukulu.

"Apite Tusekile," ndinatero.

"Bambo a Subilaga, mwanayo ali ndi mayeso a Sitandade 8 chaka chino."

"Masabata awiri okha. Mutu wake ndi wakuthwa, adzawapeza anzake."

"Nanga Wongani?"

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka. "Mwamuna akasambitse mlongo wake? Akaphike? Anthu adzati pakhomo pa ine Sibale palibe akazi?"

 Tusekile atabwera ndinamuuza. Anayang'ana amayi ake, kenaka ine, n'kuvomera kuti, "Yewo, adada." Anaika makope ake m'jumbo limodzi ndi zovala. M'mawa mwake ndinamukweza pa kaliyala. Kuchoka kuno kukafika ku Kaseye panjinga linali tsiku lathunthu, kudutsa pa boma, fumbi likakhala kuti kulibe ndiye kuti kuli matope. Njinga yanga inali ija yakuda yolemera ngati ng'ombe, osati tanu topepuka tomwe timathyoka tikaona mwala. Tinadya chinaka, chimene ena amati chikande, ndi mbatata panjira. Chinaka chija munakana dzana, mukumati ndi nyama yabodza.

Nditamuona Subilaga mtima unagwa. Anali atagona pamphasa, maso okha ndiwo anali aakulu. Koma apongozi ake anati ndi ufiti wa anthu ansanje ndi geni ya mwana wawo, ndipo ine ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri, chifukwa ufiti uli ndi sing'anga, pamene chinacho chinalibe. Ndinamusiya mwana wanga wa zaka khumi ndi zisanu pamenepo, ine n'kubwerera kudzapalira chimanga.

Masabata awiri anatha. Mwezi unatha. Tinakolola. Aphunzitsi ake anatuma uthenga kawiri kufunsa kuti mtsikana uja ali kuti, dzina lake lalembedwa kale pa olemba mayeso. Ine ndinkati abwera sabata ya mawa. Nambeye anapitako, anakhala masiku, nabwerako ali chete ngati munthu amene waona njoka m'nyumba. Anangoti, "Manja a mwana uja ang'ambika ndi kuchapa." Magolovesi kunalibe. Tusekile ankavala timapepala ta shuga m'manja akatipeza, tikang'ambika ankangochapa choncho. Madzulo ena wailesi inanena kuti matendawa amadutsa m'magazi, pabala ngakhale laling'ono. Ndinaizimitsa. Ndinauza Nambeye kuti mabatire atha.

Mayeso analembedwa Tusekile ali kumtsinje ku Kaseye, akuchapa zofunda za mkulu wake. Wongani analemba. Patangopita masabata ochepa Subilaga anatisiya.

Titaika maliro, asebele anga, bambo ake a Edisoni, ananditengera pambali ndi akuluakulu ena a banja lawo. Anayankhula mofatsa, mwaulemu wonse.

"Asebele, moto wazima m'nyumba ya mwana wathu. Ana awiriwa azolowera mayi wawo wamng'onoyu. Mwambo mukuudziwa. Ng'ombe za malowolo zinapita kwanu, ubale usathere pamanda. Mtsikanayu atsale, azigona kwa agogo a anawa. Tikadzameta, tidzakhale pansi timulowetse m'nyumba ya mkulu wake."

Inu ana a lero mukuti, "Agogo, bwenzi mutangokana!" N'chapafupi kunena uli pakhonde. Mwambo umenewo unalipo kuyambira makolo, kuti mkazi akamwalira mng'ono wake akalere ana, ana asaleredwe ndi mlendo. Amayi anga omwe analowa choncho m'nyumba ya bambo anga. Ndipo ng'ombe zimene ankanenazo zinali zitapita kale, zina ku matenda, zina kukwatitsa mphwanga. Ndinayang'ana pansi n'kuti, "Ndamva. Tidzakambirana pometa."

Pobwerera Nambeye anakana kukwera njinga yanga. Anakwera lole ya chimanga. Kunyumba ankandiikira chakudya osandiyang'ana. Tsiku lina ndikumanga goli pa ng'ombe zanga zolimira, anaima kumbuyo kwanga n'kuti, "Ndinabereka atsikana awiri. Mmodzi mwamukwirira. Winayo mukufuna mumukwirire ali moyo." Anatembenuka n'kumapita. 

Tsiku lometa litayandikira ndinapalasa ndekha, kutatsala tsiku limodzi. Ndinafika dzuwa litapendeka. Pakhomo panali zii, ndipo ndinamva nkhwangwa kuseri. Anali Edisoni akuwaza nkhuni, malaya atavula. Sanandione msanga. Ndinaona nthiti zake zonse. Ndinaona lamba wa zipsera kuchokera pamsana kuzungulira mpaka pamchombo, malo omwewo amene Nambeye anandiuza kuti Subilaga anali nawo. Ankati akatema kawiri, n'kutsamira mpini kupuma. Atandiona anathamangira malaya, n'kugwada kupereka moni.

"Mwaghona, adada."

Ndinayankha, koma mawu anatuluka ngati a munthu wina. 

Tusekile ndinamupeza kumtsinje, mwana wamng'ono wa Subilaga ali kumsana. Anali ataonda, nkhope itakula ngati ya mayi wa ana atatu. Sanathamange kudzandilandira monga ankachitira. Anapukuta manja pachitenje, ndipo ndinawaona: ming'alu m'zala zonse, ina yofiira.

"Adada, mwabwera kudzanditenga kapena kudzandipereka?"

Ndinakhala pamwala. "Ndiuze zimene ukudziwa, mwana wanga."

Anayang'ana uku ndi uku. "Akulu anga anandiuza kutatsala masiku atatu kuti amwalire. Kuchipatala anawauza dzina la matenda, iwo ndi alamu, onse awiri pamodzi. Alamu anati asauze munthu. Ku Nakonde kunalinso mkazi wina, anamwalira chaka chatha. Akulu anati, 'Ndikapita, usagone pano ngakhale adada atakuuza. Thawa.' Koma ndithawire kuti, adada, ngati kwathu ndi kumene mwanditumiza kuno?"

Ana inu, ndakumanapo ndi njati kuseri kwa Mafinga ndili mnyamata, ndawolokapo mtsinje wodzaza njinga ili pamutu. Mantha a tsiku limenelo anali ena. Ndinkaopa manja a mwana wanga. Ndinkaopa kufunsa ngati munthu uja anamuyandikirapo, ndipo sindinafunse. Ndi amayi ake amene anadzafunsa pambuyo pake, n'kundiuza kuti ayi, agogo a ana aja ankamugoneka kumbuyo kwawo. Ndinkaopanso mawa. Masiku amenewo kunena kuti munthu ali ndi matenda aja kunali ngati kumutemberera. Anthu ankamenyana ndi mipini chifukwa cha mawu amenewo.

M'mawa mwake atameta, tinakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa chapatali. Asebele anayamba ndi kuyamika, nabwereza zonse zija. Onse anayang'ana ine.  Ndinali nditakonza mawu ozungulira, oti mwana akamalize kaye sukulu, koma ndinadziwa kuti adzati adikira, kapena akaphunzirira konkuno.

"Asebele," ndinatero, "mwanayu ndikupita naye lero."

"Mwatani, asebele? Takulakwirani chiyani?"

"Simunandilakwire. Koma chimene chatenga Subilaga chikadali pakhomo pano. Mwana wanu akuchidziwa dzina. Mufunseni."

 Kenaka mchimwene wake wa Edisoni anadzuka, mpando n'kugwa. "Mukuti chiyani? Mwabwera kudzalodza m'bale wathu ndi pakamwa? Mwana wanu ndiye anabweretsa tsoka pano!" Ena anamugwira. Amayi anayamba kulira. Wina anakuwa kuti ngati ndi choncho ng'ombe zibwerere. Ine ndinkangoyang'ana Edisoni. Akanakana, sindikudziwa ngati ndikanatuluka pamudzipo ndi mano onse. Koma iye anaweramitsa mutu pakati pa maondo, ndipo sanaudzutse. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhalamba ija inakalamba kawiri ine ndikuona.

"Tengani mwana wanu," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Koma adzukulu ndi athu. Ndipo za ng'ombe mwamva."

"Ndamva. Mudzatenge zolimira zanga."

Chovuta chinali kumasula kamwana kaja kumsana kwa Tusekile. Kanagwira bulauzi yake, agogo ake akukoka, iko kakukuwa, "Mama! Mama!" Wamkuluyo anatithamangira mpaka kumsewu. Tusekile anakhala pa kaliyala osatembenuka, koma ndinkamva msana wanga ukunyowa. Mpaka pa boma ndinkacheukacheuka, kuopa kuti anyamata a pamudzipo atitsatira. Edisoni anamwalira mvula isanagwe kawiri. Kamwana kakang'ono kaja kanatsatira. Wamkuluyo alipo, ndi asuweni anu aakulu aja a ku Karonga amene amakutumizirani mpunga.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pabwino. Tonolani chimanga, sinathe.

Tusekile anabwerera ku sukulu chaka chotsatira, wamtali kuposa onse m'kalasi. Ana ankamunena kuti "mayi wa ku Kaseye," ndipo makolo ena anauza ana awo kuti asamadye naye, asamabwereke cholembera chake. Iye analimba, analemba mayeso, anakhoza bwino kuposa mmene anakhozera Wongani. Koma malo a ku sekondale za boma anali ochepa, dzina lake silinatuluke. Inatsala sukulu yolipira, kumene Wongani anali atayamba kale. Ng'ombe zolimira zinali zitapita, tinkalima ndi makasu, zokolola zinachepa. Mphamvu zanga zinali za mwana mmodzi. Ndipo mumtima mwanga munali mawu amene sindinauze munthu, ngakhale Nambeye: bwanji ngati matenda aja ali kale m'magazi mwake? Ndigulitse mbuzi zonse chifukwa cha mwana amene mwina sadzafika Folomu 4? Ndinasankhanso mnyamata. Kachiwiri. Pamenepa palibe mwambo umene ndingaunamizire, panalibe asebele ondikakamiza. Ndinali ine ndekha ndi mantha anga.

Zaka zimenezo ndinkamuyang'ana mwana uja ngati mlimi woyang'ana mitambo. Akatsokomola kumunda, khasu langa limaima m'mwamba. Akadwala malungo, ine chakudya chimandikanika. Akavala diresi lakale ndinkayeza ndi maso ngati lamukulira. Iye ankadziwa. Tsiku lina anandipeza ndikumuyang'ana pakhosi n'kuti, "Ndikadalipo, adada." Anyamata a m'mudzi muno ankamulambalala, mtsikana wokongola chotero, chifukwa mbiri inali itafika kale kuti anasambitsa wa kaliwondewonde ndi manja opanda kanthu.

Patapita zaka, kuyeza magazi kunafika pachipatala cha pa boma, ndipo anthu anayamba kumva kuti kuli mankhwala otalikitsa moyo. Nthawi imeneyo n'kuti bambo a Tumpale, amuna ake a lerowa, atabwera kudzamufunsira, munthu wofatsa wa ku Wenya amene sanasamale zokamba anthu. Tusekile anati sangavomere asanadziwe. Anandiuza ine, osati amayi ake. "Munandiperekeza popita, mundiperekezenso kumeneku."

Tinapita panjinga yomwe ija. Iye analowa, ine ndinatsala panja pansi pa mtengo, pamodzi ndi anthu ena amene tonse tinkanamizira kuti tabwera kudzaona odwala. Sindikudziwa kuti anakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ndinapemphera m'Chilambya, m'Chitumbuka, mpaka m'Chichewa changa chokhotachi, kuti mwina Mulungu amva chimodzi.  Anatuluka mayi wina akulira, atagwira khoma. Anatuluka mnyamata akuseka yekha. Kenaka Tusekile, akuyenda pang'onopang'ono, nkhope yosawerengeka. 

Anaima patsogolo panga. "Ndilibe, adada."

Ndinalira pamaso pa anthu, mwamuna wa imvi. Ndipo mkati mwa kulirako ndinazindikira chimene ndinachita: mwanayu anali wamoyo nthawi yonseyi, ndipo ine ndinali nditamuwerengera kale kwa akufa.

Pobwerera, pa chitunda china chachitali tinatsika n'kumakankha njinga. Ndinati ndiyankhule. "Mwana wanga, sukulu ija..."

"Isiyeni, adada. Inapita." Tinayenda pang'ono. Kenaka anaima, nagwira chishalo kuti nanenso ndiime. Sanakweze mawu. "Koma ndikupempheni chimodzi. Ndikadzabereka mwana wamkazi, inu musadzamutume kulikonse."

Ndinati, "Yewo, mama."

Tumpale mukumudziwa, mwana wamkazi wa Tusekile, msuweni wanu uja ali Folomu 3, amene mumati agogo amamukondera. Wakulira pakhomo pano, amadutsa pakhonde lino kangapo patsiku. Mufunseni ngati ndinamutumapo ngakhale madzi akumwa. Ludzu likandigwira iye ali pafupi, ndimadzuka ndekha ndi ndodo yanga, kapena ndimadikira mpaka padutse mnyamata.

Iwe Yamikani, mnyamata iwe, kukhosi kwandiuma. Mtsuko uli kuseri kwa chitseko.